Mchere wa Ottmar

Lonjezolo mlongo wanga analipereka pa siteshoni, ine ndili kale pa windo la sitima, iye ali pansi manja m'matumba. Ndinali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndikuthawira ku Canada ndi mwamuna amene abale onse ankamukana, ndipo abalewo sankalakwa. Mlongo wanga Ottmar sanali munthu wodziwa kutsanzikana. Anayang'ana mawilo a sitimayo ngati akufuna kuigula, kenako anati:

"Tsiku limene udzabwere, Trudi, nyama ndidzakuwotchera ndine, kuseri kwa nyumba ya bambo, ndi manja angawa. Ya munthu wina usadzailawe. Udzayambire yanga."

"Nanga ndikadzabwera ndilibe mano?"

"Ndidzakutafunira."

Ndinabwera ndi mano anga, kupatula awiri akumbuyo, patapita zaka pafupifupi makumi anayi. Mwamuna uja anali atandisiya kalekale, poyamba kupita kwa mkazi wina, kenako kumanda. Ine ndinatsala mulaibulale ya ku Winnipeg, komwe ndinakalambira ndikuwerenga chilichonse chokhala ndi chikuto. Pa nkhani yobwerera kwanu mabuku ndi abodza. Amati ukafika umalira, kapena umapeza kuti zonse zachepa. Sanena kuti ukhoza kupeza mtsinje atauvindikira ngati mphika. Mtsinje wathu wa Nahe, umene tinkasambamo tili ana mpaka milomo kuchita bii, tsopano uli pansi pa msewu wa magalimoto. Anthu akwathu ku Oberstein amatola mwala wosaoneka bwino n'kuupera mpaka uwale ngati diso la mphaka, koma atapatsidwa mtsinje anauthira simenti.

Anadzandilandira ndi Silke, mwana wamkazi wa Ottmar, amene ndinkangomudziwira pa zithunzi. Zithunzizo sizinkaonetsa kutopa. Tisanatuluke n'komwe poimika magalimoto anali atayamba kale.

"Azakhali, ndikuuzirenitu tisanafike. Mwezi wathawu bambo anasiya poto pamoto n'kupita kukagona. Anaona utsi ndi aneba. Makiyi tinawapeza m'firiji. Chimwalirireni mayi zikungoipiraipira."

"Ukalamba umenewo. Inenso magalasi ndimawafunafuna ali pamphuno."

"Magalasi satentha nyumba." Anasintha giya mwaukali. "Ku nyumba yosungira okalamba kwapezeka malo, ndipo akufuna yankho Lolemba. Bambo akukana. Akuti munthu wotha kukonza nyama yekha, kuyambira ku butchala mpaka pa mbale, safunika womusunga. Ndiye tagwirizana. Loweruka akuwotcherani nyama yanu ija. Ikayenda bwino, malowo ndiwakana, tiyese kaye kupeza mayi wodzawaona m'mawa uliwonse. Ikavuta, ndikukasaina." Anandiyang'ana cham'mbali. "Musawathandize, azakhali. Mukawathandiza munamiza ine, koma m'nyumba yoyaka mudzakhala iwo."

Ottmar ndinamupeza ataima pakhomo, atavala juzi ya malemu bambo athu kapena ina yofanana nayo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wanenepa."

"Inu mwafupika, achimwene."

"Kwanuko sitima zobwerera zinatha?"

"Ndimadikira muphunzire kuphika."

Anaseka, n'kundigwira paphewa ndi zala zake zaphwatalala zija, zimene miyala inazipera pamene iye ankapera miyala. Pa chakudya chamadzulo ndinatambasula dzanja kuti nditenge soseji, iye n'kukokera mbaleyo kwake.

"Nyama ayi. Idya tchizi. Ndinanena kuti udzayambira yanga."

Ndinakagona ndikuganiza kuti Silke akukokomeza. Munthu wokumbukira mawu a pa siteshoni angaiwale bwanji poto?

Lachisanu m'mawa tinatsetsereka wapansi kupita ku butchala. M'njira munali masitolo otseka, mawindo atamatidwa mapepala. Pamene panali sitolo ya mabuku, m'mene ndinkaba mabuku ndi maso ndili mwana, pano amagulitsa mafoni. Ottmar ankapereka moni kwa aliyense pomutchula dzina, ine ndili pambuyo ngati katundu wake. Ku butchala anakana nthuli ziwiri zimene mayi wogulitsa anamuonetsa, n'kuloza nyama ya kumsana, ya mizeremizere ya mafuta.

"Mudule yokhuthala ngati zala zitatu. Zala zanga, osati zanu."

Kunyumba anatulutsa mphika wadothi wa mayi, wobenthuka pakamwa uja. Anadula mulu wa anyezi, n'kuthira mchere ndi tsabola wakuda, n'kuyamba kukanya ndi zibakera mpaka anyeziyo atatulutsa madzi. Kenako nthuli iliyonse anaitikita ndi anyeziyo ngati akuthowa mwendo wotupa, n'kumasanja mumphika, anyezi pansi, nyama pamwamba, anyezinso. Palibe china chimene anathira. Kwathu munthu wothira mafuta kapena viniga pa nyama imeneyi amamumvera chisoni ngati wamasiye, ndipo wothira adyo amamufunsa kumene agogo ake anachokera. Anavindikira ndi mbale, n'kutsindira ndi mwala, n'kutsitsira mphikawo m'chipinda chapansi kuti ugone usiku umodzi pozizira. Fungo la m'khitchini muja ndi limene linandiuza koyamba kuti ndafika. Siteshoni sinandiuze, msewu sunandiuze.

"Waona?" anatero akusamba m'manja. "Ukamuuze Silke, wapolisi wathu uja."

Titadya nkhomaliro ndinakhala pa windo ndi buku. Ndinamva chitseko cha chipinda chapansi chikulira. Ottmar anali ndi chitini cha mchere m'khwapa.

"Mukupita nawo kuti?"

"Ndaiwala mchere."

"Munathira, achimwene. Ndinalipo."

Anaima. Kwa kamphindi nkhope yake inakhala ngati nyumba imene anthu asamukamo, kenako munalowa mkwiyo.

"Unalipo? Iwe unalipo liti? Mayi akudwala unalipo? Zaka zonsezi wakhala ukudya buledi wathonje ndi nyama ya m'mapepala, lero undiphunzitse mchere?"

Anatsika. Ndinamva mwala ukuchotsedwa, mbale ikulira. Ndikanatha kumutsatira n'kumulanda chitinicho, koma mlendo wa tsiku limodzi salanda kanthu m'manja mwa mwini nyumba, makamaka mlendo amene wangouzidwa zoona. Anakwera akuimba mluzu, manja akununkha anyezi, mkangano uja atauiwala pamodzi ndi mcherewo. Dzuwa lisanalowe anatsikanso. Atabwerako ndinatenga chitinicho n'kuchibisa m'chikwama changa. Loweruka m'mawa ndinapeza paketi yatsopano ya mchere pa masitepe, yotsegula, yopepuka.

Ottmar anali kuseri akuwaza nkhuni. Ndinatsika ndekha. Nditachotsa mbale ndinapeza nyama itamira m'madzi ake omwe, yotuwa mbuu, yolimba ngati chidendene. Ndinaviika chala n'kulawa, lilime linachita kukwinyika. Ndinatsuka nthuli imodzi pampopi, n'kuidula pakati, n'kulawanso. Mchere unali utalowa mpaka m'kati. Nyama imeneyo ikanatha kuwoloka nyanja pa chombo chamakedzana osaola, koma panalibe munthu akanaimeza.

Ndinakhala pa sitepe yomaliza. Ndinkadziwa kuti Silke akunena zoona. Za matenda amenewa ndawerenga zokwanira, ndikudziwa kumene njira yake imathera. Koma ndinkamvanso nkhwangwa kunjako, ikugwa molunjika, osaphonya. Ndipo m'tauni yonse nyumba imeneyi ndi chinthu chokhacho chimene anali asanachivindikire. Sindinganame kuti ndinkaganizira Ottmar yekha.

Ndinakulunga nyamayo m'jumbo, n'kuikankhira pansi pa bini ya zinyalala, n'kumuuza kuti ndikukagula radishi, muzu umene timadyera nyama yowotcha.

Ku butchala kunali mzere mpaka pakhomo. Nditafika kutsogolo ndinafunsa nyama yogona kale mu anyezi.

"Loweruka nthawi ino, mayi? Imeneyo anthu amaitanitsiratu pakati pa sabata. Yatsala ndi iyi." Analoza thireyi ya nthuli zosambira m'mafuta ofiira psuu. "Ndi imene ikuyenda malonda masiku ano. Muli tsabola wofiira, adyo pang'ono."

"Anthu akuno amadya zimenezi?"

"Amagula ndi omwewo." Anandiyang'anitsitsa. "Inu ndi ochokera kuti?"

Ndinayang'ananso thireyi ija. Yosagona mu anyezi sikanathandiza, anyezi amafuna usiku wathunthu kuti alowe. Ndinagula yofiirayo. M'chipinda chapansi ndinapukuta nthuli iliyonse ndi nsalu, n'kuitsuka, n'kuipukutanso. Ndinadula anyezi wina misozi ili chuchuchu, n'kusanja mumphika monga anasanjira mwiniwake. Mumdima muja inkaoneka bwino ndithu. Ndinadziuza kuti zotsalazo ubisa ndi utsi. Ku Winnipeg zikanatheka.

Silke anafika masana ndi mwamuna wake Torsten, munthu wamtali wofatsa, wogulitsa inshulansi, atanyamula kireti ya mowa ndi thumba la makala.

"Akamwini," anatero Ottmar, "makalawo mukufuna kusita malaya?"

"Ndimati mwina nkhuni zikachepa, bambo."

"Kabwezeni m'galimoto aneba asanaone. Ndili ndi mbiri yoti ndiisunge."

Zimene zinachitika kuseri kuja ndikanakonda dokotala wake akanaziona. Anaimika miyendo itatu yachitsulo pamalo pomwe bambo ankaimika, n'kukoleka tcheni, n'kupachika waya wozungulira wowotcherapo nyama kuti ulendewere pamwamba pa moto ngati katungwe. Nkhuni za mtengo wa bukhe, zouma gwa, anazisanja mopingasa, ndipo sanayatse kawiri. Anadikira malawi atsike pang'ono. Kenako anakankha wayawo ndi ndodo yangowe, n'kuupotoza kuti uzizungulira uku ukupita ndi kubwera. Sankauyang'ana n'komwe. Ankamufotokozera Torsten za chaka chimene mtsinje unasefukira n'kulowa m'masitolo akumunsi, akutchula dzina la aliyense amene katundu wake anapita ndi madzi, ndi la mkazi wake, ndi zimene mkaziyo ananena.

Ine ndi Silke tinali pa benchi tikupala radishi, pamalo pomwe ine ndi mayi tinkakhala. Ndili mtsikana ndinkadana nayo benchi imeneyi. Amuna ku moto, akazi ku radishi, ndipo ndodo yangowe sinkagwiridwa ndi wina aliyense koma mwini moto. Ndinathawa benchiyi mpaka kutsidya la nyanja, ndipo tsiku limenelo sindikanalola munthu kundichotsapo. Ndinaona mapewa a Silke akutsika pang'onopang'ono. Pena anaseka nthabwala ya bambo ake, n'kundiyang'ana ngati akupepesa.

"Trudi, katenge mphika. Usagwe nawo, paja kwanuko masitepe amayenda okha."

Ndinabwera nawo. Anachotsa mwala, n'kutola nthuli yoyamba, n'kuyamba kupulula anyezi ndi chala chachikulu, pakuti anyezi wotsalira amapserera n'kuwawitsa nyama. Chalacho chinaima. Anatembenuza nthuliyo padzuwa. M'timing'alu ta mafuta munali kufiira kumene nsalu yanga sinakufikire. Ananunkhiza.

"Nyama iyi si yanga."

"Bambo," anatero Silke, "ndi yomwe munagula dzulo."

"Ndati si yanga. Yanga inali ya kumsana, yokhuthala chonchi. Iyi aiviika m'mafuta a injini." Anatembenukira kwa Torsten, ndipo ulemu wa akamwini uja unathera pomwepo. "Ndiwe. Wabwera ndi makala, wabweranso ndi izi."

"Ine, bambo? Pansipo sindinatsikeko."

"Mumalowa m'nyumba muno ine kulibe. Mukuyesa sindidziwa? Makiyi amayenda okha? Chitini cha mchere chasowa dzulodzuloli. Mukufuna ndioneke wamisala kuti mugulitse nyumba."

Silke anaika mpeni pansi. Sanakwiye. Analankhula ndi mawu ofewa, osalala, amene anthu amaphunzitsidwa kuchipatala, ndipo mawu amenewo anandiopsa kuposa kukalipa kwa Ottmar.

"Palibe akukuberani, bambo. Adokotala ananena kuti nthawi zina muziona ngati zinthu zasinthidwa. Tiyeni tikhale pansi kaye."

"Usandilankhule ngati mwana. Nunkhiza wekha."

Anamutambasulira nthuliyo, madzi a anyezi akuyenderera mpaka m'juzi. Silke sananunkhize. Ankangomuyang'ana ndi maso a munthu amene wasaina kale.

Za nyama mlongo wanga ankanena zoona, za chitini ankanenanso zoona, ndipo zoonazo ndi zimene zinkamumiza. Ndikakhala chete, apita ngati wamisala wonamizira mkamwini wake kuba. Ndikalankhula, wina afunsa chifukwa.

"Ndine," ndinatero. "Ndasintha ndine m'mawa uno. Chitini chili m'chikwama changa."

Moto unathetheka. Torsten anayang'ana nsapato zake.

"Chifukwa chiyani, azakhali?" anafunsa Silke.

Ottmar yekha sanafunse chifukwa.

"Yanga ili kuti?"

"Achimwene, isiyeni."

"Ili kuti, Hiltrud?"

Dzina langa lonse ankalitchula ndi mayi okha, ndikalakwa. Ndinaloza bini. Anapita yekha, osafulumira, n'kupisa dzanja mpaka paphewa, n'kutulutsa jumbo ija. Anaimasula pa tebulo, pakati pa buledi ndi mabotolo. Anaizindikira nthawi yomweyo, ndipo anaisisita ndi chikhatho ngati galu wake amene wapezeka. Anatulutsa mpeni m'thumba, n'kudula kachidutswa, n'kukaponya m'kamwa kakadali kaiwisi. Anatafuna. Sanalavule. Anameza, m'maso mutadzaza madzi.

"Wathira mchere wonsewu ndani?"

Anayang'ana Torsten, kenako Silke, kenako ine, ndipo pa ine maso anakhalitsa.

"Kangati?" anafunsa motsitsa.

"Sindikudziwa, achimwene."

"Ukudziwa."

"Ulendo woyamba ndinakuuzani. Munandikalipira."

Anafunafuna m'mutu mwake, tonse tikuona, monga munthu amafufuzira m'matumba a jekete.

"Sindikukumbuka," anatero.

Ananena kwa ine, koma Silke anamva, ndipo Ottmar anadziwa kuti wamva.

Silke anaimirira, akupukuta manja pa siketi. "Bambo, tiwotche yomwe ilipoyi. Moto uli bwino. Amene mumadziwa ndinu."

"Zimenezo pa waya wa bambo anga? Ayi."

Anatenga ndodo yangowe, n'kuimitsa waya umene unali ukadalendewera wopanda kanthu, n'kuukolola pa tcheni, n'kuutsamiritsa kukhoma. Kenako anakoka mpando n'kukhala moyang'ana moto, atatifulatira. Silke ananyamula mphika wa mayi n'kulowa nawo m'nyumba, ndipo podutsa sanandiyang'ane. Torsten anatolera mabotolo n'kumutsatira. Ine ndinapita kukaima pambali pa mpandowo.

"Tikhoza kugula ina Lolemba, achimwene. Tiyambirenso. Mchere ndigwira ine, zina zonse inu."

"Lolemba ndili ndi ulendo. Funsa Silke."

Anakankhira chikuni m'kati ndi nsonga ya nsapato. Kenako analankhulanso, osandiyang'ana.

"Ukanangoisiya, Trudi. Tikanadya yamchereyo, n'kumwa mowa wambiri. Bola ndikanagwa ndi nyama yanga."

Ndinaima pamenepo mpaka Torsten anandiitana pa windo kuti chakudya chapsa. Anali atakazinga nyama ya ku butchala ija mu poto, pa kuka yamagetsi. Silke anaika mbale zinayi, kenako anachotsa imodzi. Kunja nkhuni zinkatha zokha, Ottmar akuziyang'anira. Torsten anandiikira nthuli yoyamba, pakuti mlendo ndinali ine. Nyama yoyamba imene ndinadya kwathu anaphika ndi Torsten.